Kalondolondo ndi Chipinda cha Apongozi

Kalondolondo kanatuluka m'bokosi lake, kanatambasula miyendo isanu ndi itatu, nkuyamba kukwawa pa chingwe cha intaneti. Kanali kamakina konga kangaude, kakakulu ngati chibakera, ndipo m'chaka cha 2071 nyumba zambiri ku Mponela zinali nako. Ntchito yake inali kutsata chingwe kuchokera pa rauta, kabokosi kogawa intaneti, mpaka kumapeto, kufufuza pamene pavuta. Ogulitsa ankakatama kuti kamaphunzira khalidwe la mwini wake kuti kasamasowetse anthu mtendere m'nyumba.

Lufeyo, mwini kamakinako, ankakayang'ana ndi diso lofiira. Aka kanali kachisanu kukatuma sabata imeneyo.

Intaneti inkaduka mphindi ziwiri, kubwerera, kukhala bwinobwino tsiku lonse, kenako kudukanso popanda chifukwa. Zikanakhala za mpira akanangozisiya. Koma kuchipinda chakumapeto kunali kugona apongozi ake, aNangondo, ndipo pachifuwa pawo panali Mlondamtima, makina owerenga kugunda kwa mtima ndi kuthira mankhwala m'magazi molamulidwa ndi dokotala wa ku Lilongwe. Makinawo ankakana intaneti ya mumphepo, ankafuna ya chingwe basi. Dokotalayo anali atanena mosapita m'mbali kuti ikadukanso, odwalawo atengedwa kukagona kuchipatala. ANangondo nawo anali atalumbira kuti safuna kukafera pakati pa alendo.

Nanga chimene Lufeyo sanachite nchiyani? Anazimitsa rauta nkuyatsanso mpaka chala kuwawa. Anasintha chingwe cha pabalaza, anasintha pobayapo, anabwereka rauta ina kwa aneba. Anaimbira a kampani ya intaneti, iwo nkumuuza mokoma mtima kuti kumbali yawo zonse zikuyenda. Kukoma mtima kumeneko ndi kumene kunamukwiyitsa kwambiri.

Kalondolondo kanabwerera, nkuyankha zomwe kankayankha masiku onse: “Konse kumene ndafika, chingwe chili bwino.”

Anatsala pang'ono kukaponda.

Koma chomuwawa zedi sichinali chingwe, anali mawu. Alamu ake anali atawanditsa pamsika kuti mkamwini akudula intaneti dala pofuna kuthamangitsa apongozi. Iyeyo! Munthu amene zaka khumi ndi chimodzi sanawayang'anepo aNangondo kumaso, amene ankapatuka m'njira akawaona akubwera, amene ankawapatsa moni atanjuta kunja kwa chitseko, phazi lake losadziwa pansi pa chipinda chawo. Pa Mponela ponse panalibe mkamwini waulemu ngati iye, ndipo malipiro ake anali amenewa. Ngakhale mkazi wake, Edina, anali atayamba kumuyankha mwachidule.

“Kodi kuchipinda kwa amayi mwaonako?” Edina anamufunsa Lachinayi m'mawa.

“Ine ndilowe mogona apongozi? Mukufuna anthu anene chiyaninso? Nanga Kalondolondo ndi kantchito yanji?”

Edina anakasuzumira yekha, anaona chingwe chili chobaya bwinobwino kumakina, nkhani nkuthera pomwepo.

Masana a tsiku lomwelo intaneti inaduka mphindi zisanu ndi ziwiri. Ola lisanathe, ndege yachipatala yopanda woyendetsa inatera pabwalo, nkhuku nkubalalika. Anamwino akutulutsa aNangondo pa machira, Lufeyo anazemba kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo. Ali komweko anawamva akulankhula ndi mwana wawo, mawu ali otsika koma omveka.

“Uwauze bambo a nyumba ino kuti ndamva. Ndachoka.”

Mawuwo anamulasa mumtima. Anafuna kuthamanga, kugwada, kulumbira, koma miyendo inali itazolowera kuthawa apongozi, osati kuwatsata.

Fumbi la ndege lisanakhazikike, Kalondolondo kanatuluka kokha kosatumidwa. Kanadutsa pabalaza, kanafika pakhomo pa chipinda chija, nkulowa osaima. Mphindi isanathe kanali katabwerera.

“Vuto lapezeka. Chingwe chapanikizika ndi mwendo wa bedi. Chimaduka wogonapo akatembenukira kukhoma.”

Lufeyo anakakalipira kamakinako. “Masiku onsewa unali kuti, chitsiru iwe?”

“Ndinaphunzira kwa inu, bwana. Pakhomo paja sitidutsa apongozi ali mkati.”

Lufeyo analowa m'chipindamo koyamba m'moyo wake. Munkamvekabe fungo la mafuta amene aNangondo ankadzola. Ananyamula bedi ndi dzanja limodzi, nkusolola chingwe chophwanyikacho ndi linalo, ntchito yosafika ndi mphindi yomwe. Atabaya chatsopano, kagetsi kobiriwira kanayaka pa rauta, ndipo sikanaphethirenso.

Edina anaima pakhomo, chitenje chili kukamwa. Lufeyo anakhala pansi pafupi ndi bedi lopanda munthulo. Pa zonse zimene kamakinako kakanatola kwa iye, kanatola ulemu wake, ndipo ulemuwo ndi umene unachotsa apongozi pakhomo.