Kanema Wobwereka wa Vitumbiko

Pakhomo pa a Lodwick Mhango, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Senga Bay, panali pa mtendere. Kwawo kunali ku Rumphi, koma boma litawatumiza ku Salima anakhazikika ngati mbadwa. Akazi awo, mayi Bernadette, ankaphunzitsa ku pulayimale komanso ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Vitumbiko, ndipo anamulera mosamusasatitsa. M'nyumba imeneyo mwana akaswa mbale ankangomuuza kuti asese, koma akanama nkhani yake inkafika patali.

Vitumbiko anali ndi mutu wogwira. Atalemba mayeso a fomu folo, bambo ake anamusiyira laputopu yawo yakale kuti asamangoyendayenda podikira zotsatira. Ena akanangoonerapo mafilimu, koma iye anayamba kuphunzira kupanga gemu za pa foni.

Ntchitoyo sankagwira yekha. Mnzake wa pamtima anali Kamal, mwana wa mayi Zuleka, mayi wamasiye amene ankayanika usipa kudoko. Kamal anali ndi dzanja lojambula. Akagwira pensulo, bwato linkachita kuoneka ngati lichoka papepala. Awiriwa anapangana kupanga gemu ya msodzi wopalasa bwato kupita ku chilumba cha Mbenji, kuzemba mafunde a mwera, kuponya khoka n'kubwerako ndi utaka. Kamal ankajambula, Vitumbiko n'kumalemba malamulo oyendetsa zojambulazo. Gemuyo anaitcha Wa ku Mbenji.

Inkayenda mwa pang'onopang'ono. Bwato linkasuntha ndithu, koma likangogunda funde loyamba gemu yonse inkauma gwa. Anyamatawo ankaseka, n'kuyambiranso.

Tsiku lina pa shopu yotchajitsa mafoni, Vitumbiko anakumana ndi Macdonald, mnyamata wochokera ku Lilongwe amene anali ndi tsamba la pa intaneti lotsatiridwa ndi anthu ambirimbiri. Ankavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Ataona zojambula za Kamal pa foni ya Vitumbiko, anavula magalasiwo.

"Aise, zinthu ngati izi ukuzibisa? Dziko lonse liyenera kudziwa kuti ku Salima kwatuluka gemu."

"Sinathe," anatero Vitumbiko. "Ikumaima."

"Wakuuza ndani kuti anthu amadikira chinthu chithe? Wootcha kanyenya amaitana anthu ndi utsi, nyama ikadali yaiwisi. Nditumizire zithunzizi, zinazo undisiyire."

Pasanapite nthawi Macdonald anabwera ndi kanema wolengeza gemuyo. Vitumbiko anayamba kuonera. Madzi ankanyezimira ngati enieni, mphezi zinkang'anima pamwamba pa mafunde, asodzi ankachita kuoneka thukuta pamphumi. Zojambula za Kamal zinali koyambirira kokha. Zina zonse Macdonald anazidula mu gemu ina ya kunja, yopangidwa ndi kampani ya antchito ochuluka.

"Koma izi si zathu," anatero Vitumbiko.

"Zidzakhala zanu. Ukungowaonetsa anthu kumene ukulowera. Limenelo n'kukhala bodza?"

Vitumbiko ankadziwa kuti ndi bodza. Koma kumapeto kwa kanemayo kunatuluka dzina lake m'malemba akuluakulu agolide, lokha, popanda la Kamal. Analiyang'ana dzinalo, mtima n'kumukoma, ndipo analola kuti kanemayo atulutsidwe.

Kanemayo anafalikira ngati moto wa lupsa. Anthu ankatumizirana m'magulu a pa foni, ena n'kumalemba kuti Malawi wadzuka. A wailesi ina anamuitana Vitumbiko kukacheza naye. Atamufunsa ngati mu gemumo muli ng'ona, anati zilimo. Atamufunsa ngati munthu wa ku Salima angapikisane ndi mnzake ali ku Nkhotakota, anati n'zotheka. Womvera wina ataimba foni kufunsa ngati msodziyo angatsike m'bwato kukaona mbidzi kumalo osungirako nyama a Kuti, Vitumbiko anaseka nati, "Zimenezo ndiye zosavuta." Funso lililonse linkabala lonjezo latsopano.

Kamal anamupeza akuchokera ku wailesiko.

"Vitu, ng'ona walonjezazo wajambula ndani? Ine sindinajambulepo ng'ona."

"Udzajambula."

"Bwato lenilenilo likukanika kudutsa funde limodzi. Wallahi, ine mtima suli m'malo. Tiwauze anthu zoona nthawi ikadalipo. Tinene kuti gemu yathu ndi yaing'ono, koma ndi yathu."

"Vuto lako maganizo ako ndi a padoko," anatero Vitumbiko. "Ukuganiza za usipa pamene anzako tikuganiza za dziko."

Kamal anatembenuka n'kumapita. Komabe tsiku lotsatira anabwera kudzatenga laputopu ija, nayamba kulimbana nayo yekha, ngakhale kulemba malamulo a gemu sikunali mbali yake.

Vitumbiko ndiye analibenso nthawi ya ntchito. Macdonald ankamutenga kumaloji a m'mbali mwa nyanja, kumene anthu ankamugulira mowa ndi kujambulitsa naye zithunzi. Botolo loyamba analimwa akuchita manyazi. Lachiwiri ndi lachitatu anatsika okha. Ankadzuka dzuwa lili pamutu, n'kuyamba kuwerenga zimene anthu amulembera.

Mayi Bernadette anamva fungo pa malaya ake pochapa.

"Mwanawe, anzako atsopanowa akukumwetsa chifukwa cha chinthu chimene sanachione. Tsiku lodzachiona adzakugulira chiyani?"

"Amayi, inu za masiku ano simungazimvetse."

"Za mafoni sindizidziwa, n'zoona. Koma mwana wanga ndimamudziwa, ndipo wayamba kuyankhula osandiyang'ana m'maso."

Nawo a Mhango anamuitana pakhonde.

"Kanema wako ndaonera. Tsopano ndionetse gemu yeniyeniyo."

"Ikadali kokonzedwa, adadi. Laputopu ili kwa Kamal."

"Ndiye mwini gemu ali kuno, ntchito ili kwa Kamal." Anavula magalasi awo owerengera. "Vitumbiko, ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ngati wawonjezera pa zimene uli nazo, bwerera ku wailesi konkuja ukachotse wekha. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Ndikuperekeza ine."

Mawuwo anamulasa, ndipo pang'ono akanavomera. Koma foni inanjenjemera m'thumba. Anali Macdonald, kumuuza kuti walengeza kale tsiku lotulutsa gemu, ndipo holo yapezeka.

"Zonse zili bwino, adadi," anatero Vitumbiko.

Tsikulo linali Loweruka masana. Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kunabwera ana a sukulu, aphunzitsi, akabaza, ngakhale anyamata ochokera ku Maganga amene anapalasa njinga mtunda wonsewo. Ambiri anali atagula bandulo mwapadera kuti atsitse gemuyo m'mafoni awo. A Mhango ndi akazi awo anakhala kutsogolo. Kamal anakhala pambali pa nsanja ndi laputopu, maso ali ofiira ndi kutopa.

Macdonald anaonetsanso kanema uja pakhoma, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka Kamal anatsegula gemu yeniyeni.

Panaoneka kabwato kakang'ono pa madzi osalala ngati nsalu ya buluu. Mphezi panalibe, ng'ona panalibe, ngakhale phokoso la madzi silinamveke. Kabwatoko kanayenda pang'ono, kanadutsa funde loyamba, kanadutsa lachiwiri, pa lachitatu kanauma. M'mafoni mwa anthu zinalinso chimodzimodzi.

Kenaka wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti, "Nanga ya mu kanema ija ili kuti?" Ena anayamba kuseka, ena kutukwana. Botolo la pulasitiki linagwa pansanja. Vitumbiko anayang'ana kumene kunali Macdonald, koma mpando unali wopanda munthu.

Chimkuzamawu chinali m'manja mwake. Anaona nkhope ya bambo ake. Anaona Kamal atawerama pa laputopu, akuyesa kuidzutsa gemu ija. Apa mpamene akanati, "Ndinakunamizani." Koma mantha anamusonyeza njira ina.

"Abale, gemu yeniyeni inalipo," anatero. "Mnzangayu Kamal ndiye wakhala akusunga laputopu. Waifufuta chifukwa cha nsanje, poti dzina lake silinalembedwe mu kanema."

Kamal anadzutsa mutu. Sanakalipe, sanadzikanire. Anangoti, "Vitu," motsitsa, ngati munthu amene akudzutsa mnzake kutulo.

Anthu okwiya safunsa umboni. Anyamata ena analumphira pansanja, Kamal n'kuthawira pakhomo la kumbuyo. Anamuthamangitsa mpaka kudoko, akumugenda. Anagwetsa matandala a mayi Zuleka, usipa wonse n'kumwazikira mumchenga. Kamal atatembenuka kuti ateteze amayi ake, mwala unamupeza pa diso lamanja.

Kuchipatala madokotala anayesetsa, koma disolo silinapulumuke.

Bodza lija silinakhalitse. Mtsikana wina wa ku koleji anaizindikira gemu ya kunja ija, naika zithunzi zake pambali pa kanema wa Vitumbiko kuti aliyense adzionere. Tsiku lomwelo Macdonald analemba pa tsamba lake kuti nayenso anapusitsidwa ndi mnyamata wa ku Salima, ndipo omutsatira anamupepesa. Foni ya Vitumbiko sanayankhenso.

Pa intaneti panabuka mtsutso wofuna mwini mlandu. Ena ankati wolakwa ndi Macdonald. Ena ankati ndi a wailesi, amene anaulutsa malonjezo osapempha kuona gemuyo. Enanso ankati anthu anadzipusitsa okha, chifukwa anyamata awiri ndi laputopu yakale sakanapanga zimene zimapangidwa ndi kampani yonse. Vitumbiko ankawerenga zimenezi atadzitsekera kuchipinda, n'kumatola chilichonse chomupepukitsa.

"Adadi, si ine ndekha," anatero bambo ake atalowa. "Kanema anapanga ndi Macdonald. A wailesi sanafufuze. Anthunso ankafuna okha kumva zazikulu. Ndikanawauza zoona sakanandimvera."

A Mhango anakhala pamphepete pa bedi. M'masiku ochepawo anali ataoneka okalamba.

"Onsewo ali ndi gawo lawo, ndipo aliyense adzayankha lake. Koma ndiuze. Mwa onsewo, amene ankadziwa zimene zinali mu laputopu ndani?"

Vitumbiko anawerama.

"Nanga amene anatchula dzina la Kamal pamaso pa anthu ndani? Macdonald? A wailesi?"

"Ndine."

"Gemu yoipa anthu akanaiseka mwezi umodzi n'kuiwala. Diso la mwana wa eni silimeranso."

Apolisi anagwira anyamata awiri mwa ogenda aja, ndipo Vitumbiko anakaperekera umboni, nanena zonse mmene zinayendera. Anapitanso ku wailesi kuja kukayeretsa dzina la Kamal. Anamupatsa mphindi zochepa kumapeto kwa pulogalamu, ndipo omvera anali ochepa poyerekeza ndi amene anamva malonjezo ake. Mayi Bernadette anasiya kutsogolera kwaya, ati sangaimbitse nyimbo pamaso pa anthu mtima uli wolemera chomwecho. A Mhango akalowa m'kalasi, ana ankanong'onezana za ng'ona.

Chovuta koposa chinali kupita kwa mayi Zuleka. Vitumbiko anapita ndi amayi ake. Anawapeza akusankha usipa wotsala, kuchotsa mchenga kamodzikamodzi. Vitumbiko anagwada.

"Amayi, ndinalakwa. Ndinamunamizira Kamal."

Mayi Zuleka sanasiye ntchito yawo.

"Unkadya m'mbale imodzi ndi mwana wanga. Ukachedwa kubwera ankakusungira. Bambo ake anapita ndi nyanja, ine ndinkati uyu sadzakwera bwato, adzadya za pensulo yake. Tsopano ukuti ndinene chiyani?"

Kamal anatuluka m'nyumba, theka la nkhope lili m'bandeji. Anaima pakhomo, akugwira chitseko.

"Funde lachiwiri lija unaliona?" anafunsa. "Ndinalikonza ndekha. Ndimafuna ndikuuze tikatuluka mu holo."

Vitumbiko analira ngati mwana.

"Ndakukhululukira," anatero Kamal, "chifukwa Allah amafuna tizikhululuka. Koma pakhomo pano usabwerenso. Ndikakuona, mutu umandipweteka."

Mvula isanagwe, mayi Zuleka anasamuka ndi mwana wawo kupita kwa achibale ku Nkhotakota. Anthu obwera kuchokera kumeneko amati Kamal amathandiza amalume ake mu shopu, ndipo akayesa kujambula diso lotsalalo limatuluka misozi, n'kusiya.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, Vitumbiko anapezeka kuti wakhoza bwino kwambiri. M'nyumba mwa a Mhango simunamveke nthungululu. Mowa anausiya, kutchalitchi anabwerera, koma amakhala mpando wakumbuyo, ndipo akadutsa kudoko amayenda chowerama.

Achinyamata, musalonjeze chimene manja anu sanapange, ndipo musalole wokometsa pakamwa akugulitseni musanapse. Bodza loyamba limaoneka laling'ono, koma limafuna lachiwiri loti lilitchinjirize, ndipo lachiwirilo limagwera munthu wosalakwa. Zikakuvutani, nenani kuti ndalephera. Wolephera amadzuka mawa n'kuyesanso ndi mnzake. Wokankhira mnzake mlandu, ngakhale atalapa ndi misozi, zina sangathe kubweza.