Fauziya Akufuna Mnzake

Fauziya anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ankakhala ku Ntaja ndi amayi ake, a Saida. Fauziya ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mnzake.

Pa buleki, atsikana ankasewera fulaye. Ankaponya mpira. Ankazinda. Ankaseka. Fauziya ankaima kuseri kwa kalasi. Ankangowayang'ana patali.

Tsiku lina mtsikana wina, Ida, anamuitana.

"Iwe, usewera nafe?"

Fauziya anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.

"Ndi wonyada ameneyu," anatero Ida. "Musiyeni."

Onse anamusiya. Sanamuitanenso.

M'mawa mwake Fauziya anati, "Amayi, m'mimba mukundipweteka."

Amayi anamukweza pa kabaza. Anapita naye kuchipatala. Adokotala anamuyeza.

"Malungo alibe," anatero adokotala. "Mwanayu ali bwino."

Koma Fauziya sanali bwino.

Loweruka anapita ku Balaka, kwa azakhali a Ilham.

"Amenewa ndi manyazi chabe," anatero azakhali. "Akakula zidzatha."

Koma sizinathe.

"Amayi, palibe amandifuna," anatero Fauziya. "Kusukulu sindipitanso."

Lolemba sanapite. Lachiwiri sanapite. Sabata yonse sanapite. Ankangokhala pamkeka. Ankamva ana akuweruka, akuseka mumsewu. Ankaphimba nkhope ndi mpango wake. Amayi ankamuyang'ana, misozi ili mbwee.

Kenako amayi anapita okha kusukulu. Anakumana ndi aphunzitsi a Fauziya, a Bernadetta.

"Madamu, mwana wanga ndamulakwira chiyani?"

"Iyayi mayi, simunalakwe," anatero aphunzitsi. "Fauziya si wonyada. Ali ndi mantha. Alipo ana ena atatu otero. Timakumana Lachitatu tikaweruka. Mubwere naye."

Lachitatu Fauziya anapita. Anagwira chitenje cha amayi mwamphamvu. Ana atatu aja analipo kale. Onse ankayang'ana pansi.

"Tipume kaye," anatero aphunzitsi. "Kokani mpweya. Tulutsani. Tsopano yang'ana mnzako. Unene kuti, ‘Ndisewere nawo?’"

Fauziya anakoka mpweya. Mawu sanatuluke.

Lachitatu lina ananong'ona. Aphunzitsi anamva. Anawomba m'manja.

M'mawa mwake Fauziya anayesa pabwalo. Anafika pafupi ndi atsikana a fulaye. Anathawa. Anakalira kuseri kwa kalasi.

"Sindidzatha," anatero. "Sindidzatha mpaka kalekale."

Munthu wina anakhala pansi pambali pake. Anali Emmie, wa gulu la Lachitatu lija.

"Inenso dzulo ndinathawa," ananong'ona Emmie.

Fauziya anapukuta misozi. Anakoka mpweya. Anayang'ana Emmie.

"Uma... umadziwa phada?"

"Pang'ono," anatero Emmie.

Anatola timiyala. Anakumba kadzenje. Anasewera awiriwiri mpaka belu linalira.

Loweruka amayi ankachapa pakhomo. Fauziya ankayanika zovala kuseri.

"Odi kuno!" Anali mawu aang'ono, onjenjemera. "Fauziya alipo?"

Amayi anafuna kuyankha. Koma mawu ena anatuluka kuseri kwa nyumba.

"Ndilipo! Emmie, lowa!"

Amayi anaima, thovu lili m'manja. Kenako anaseka. Analowa m'nyumba. Anatenga mango awiri, lina la Fauziya, lina la mlendo wake.