Lidia ndi Timapepala ta pa Nsalu

Lidia ankakhala ku Glen Norah. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lidia ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake azimuyamikira.

Amayi a Lidia anali telala. Ankasokera pakhonde. Anthu ankabweretsa nsalu. Amayi ankawayeza ndi tepi. Kenako ankaitana Tawananyasha, mkulu wake wa Lidia.

Tawananyasha ankatenga kapepala. Ankalemba dzina. Ankalemba mtundu wa nsalu. Ankalemba muyezo. Kenako ankabaya kapepalako pansalu ndi phini.

"Wagwira ntchito, Tawa," ankatero amayi.

Lero Tawa. Mawa Tawa. Mkuja Tawa yemweyo. Nanga Lidia? Lidia ankachita nsanje. Mwana anali wamng'ono, koma nsanje yake inali yaikulu.

"Amayi, inenso ndilembe," anatero Lidia.

"Uphunzire kaye zilembo, mwanawe," anayankha amayi.

Lidia anakwinya nkhope. Kuphunzira sankakufuna. Ankangofuna kuyamikiridwa basi.

Loweruka m'mawa, amayi anapita kumjigo. Tawa anapita kukagula ulusi. Lidia anatsala yekha pakhonde. Patebulo panali nsalu zitatu. Ina yoyera, ina yofiira, ina yachikasu.

Lidia anachotsa timapepala ta Tawa. Anatibisa m'thumba. Anatenga pensulo. Anajambula duwa. Anajambula dzuwa. Anajambula nsomba. Anabaya timapepala take pansalu zonse.

Amayi anabwera. Anatenga nsalu yoyera. Inali ya Mayi Amália a ku Hatcliffe. Mwana wawo ankabatizidwa mawa lake. Diresi linafunika kutha tsiku lomwelo.

Amayi anatenga sizasi. Anayang'ana kapepala. Anaona duwa.

"Muyezo uli kuti?" anafunsa amayi.

"Ndalemba ndine," anatero Lidia. "Si lokongola?"

"Ndi lokongola. Koma duwa silindiuza podula."

Amayi anaika sizasi pansi. Anakhala pampando. Anagwira tsaya.

"Ndikadula mongoganiza, ndiwononga nsalu ya eni ake," anatero. "Ku Hatcliffe ndi kutali. Mwana uja avala chiyani mawa?"

Lidia anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa timapepala titatu.

"Pepani, amayi. Ndinachita nsanje ndi sisi Tawa."

Amayi anatambasula dzanja. "Chabwino. Ndipatse kapepala ka Mayi Amália."

Lidia anayang'ana koyamba. Anayang'ana kachiwiri. Anayang'ana kachitatu. Tonse tinkaoneka tofanana. Misozi inalengeza m'maso.

Tawa anafika ndi ulusi. Anaona duwa pansalu. Anaona misozi ya Lidia. Sanamuseke. Anagwada pambali pake.

"Amália amayamba ndi A," anatero Tawa. Analemba A pansi ndi chala. "Waona? Ali ngati denga la nyumba. Yang'ana poyambira."

Lidia anayang'ana koyamba. Panalibe denga. Anayang'ana kachiwiri. Panalibe denga. Anayang'ana kachitatu.

"Aka! Denga ili apa."

Amayi anawerenga muyezo. Anatenganso sizasi. Anadula nsalu yoyera. Makina anayamba kulira, ndipo madzulo diresi linatha.

Tawa ndi Lidia anakhala pamkeka ndi pensulo ndi timapepala. Tawa analemba L. Lidia analemba L. Tawa analemba I. Lidia analemba I. Chilembo D chinavuta. Chinayang'ana kumbuyo kawiri. Lidia anafufuta, analembanso. Anabwereza I. Pomaliza analemba A yekha, osaonera.

"Amayi, onani," anatero Lidia.

Amayi anawerenga mokweza. "Lidia."

Anatsegula kabati. Anatulutsa nsalu yobiriwira yatsopano. Anabaya kapepala ka Lidia pansaluyo.

"Nsalu iyi yapeza mwini wake," anatero amayi. "Imirira ndikuyeze."

Lidia anaimirira. Anatambasula manja. Kenako anapereka pensulo kwa mkulu wake.

"Sisi Tawa, manambala lembani ndinu. Ine ndiyamba mawa."