Makina Osokera Kuseri kwa Mashelefu

Ine digiri yachiwiri ndinaiyamba nditakula kale, ana anga atayamba kundiposa msinkhu. Ndinasiya choko, ndinasiya bambo a ana ndi mapoto, n'kupita ku yunivesite kukaphunzira mbiri yakale. Alamu anga ankandiseka kuti zakale zinapita, ndikukazitani. Ndinkangowayang'ana. Munthu wosakumbukira ngakhale chaka chomwe anakwatira ungamuuzenso chiyani?

Kafukufuku wanga anali wa azimayi a pafakitale yosoka zovala, amene ananyanyala ntchito ine ndisanabadwe. Mabuku sanena kanthu za iwo, ndipo ambiri anatisiya. Ndinapeza mmodzi, gogo wamakani amene anzake anamupatsa dzina loti Singano chifukwa cha lilime. Ndinkakhala nawo pakhonde, foni ikujambula mawu, iwo akusoka pa makina akale opalasa ndi phazi, uku akutsokomola. Ndiwo anatsogolera sitalakayo, mpaka anakagona nayo kundende.

Panalinso wina wamoyo, a Mabatani, amene pafakitalepo ankasokerera mabatani. Nkhani inali yoti anzawo ali m'ndende, iwo anabwerera ku ntchito. Dera lonse linkati anagulitsa anzawo.

"Mukakaponda kwa ameneyo, aphunzitsi, pakhonde pano musadzabwerenso," anatero a Singano.

Ndiye sindinapondeko. Gogowo ndinkawakonda, komanso ndinkawaopa.

A Singano anamwalira mvula itangoyamba. Kumaliro ndinapita, bokosi likutsika ndinaliona ndi maso angawa. Pasanapite nthawi a Pulofesa ondiyang'anira anandibwezera chaputala cha sitalaka chija chili psuu ndi inki yofiira.

"Mayi, mwalemba bwino, koma zonsezi zachokera pakamwa pamodzi. Mboni imodzi si mbiri. Pezani yachiwiri mwezi uno usanathe. Nthawi yanu pano yatha, ndipo sindingakupemphereninso ina."

Kupita kwa a Mabatani? Munthu tangomuika kumene, ine ndikaphwanye mawu ake? Ndinaona kuti bola kubwerera kunyumba chimanjamanja, alamu aseke mpaka misozi.

Madzulo ake ndinakwera kuchipinda cha ofufuza, pamwamba pa laibulale, kuti ndikalongedze zanga. Anali madzulo wamba. Ketulo inkawira pakona, anzanga akukangana za mpira. Mmodzimmodzi anayamba kuchoka. Womaliza anati, "Amayi, muzimitse magetsi," n'kutseka chitseko.

Ndinatsala ndekha ndi katoni yanga. Chipindacho n'chachitali: matebulo mbali ino, mbali inayo mashelefu odzaza mabuku a omwe anamaliza kale. Ndinakhala pansi n'kulira pang'ono. Sindibisa, zinandiwawa.

Kenako ndinamva kaphokoso.

Tcheke-tcheke-tcheke. Zii.

Ndinati ndi fani. Kuyang'ana kudenga, fani sikuzungulira. Ndinati mwina foni yayamba yokha kutulutsa zomwe ndinajambula. Foni inali m'chikwama, yothimitsa.

Tcheke-tcheke-tcheke-tcheke.

Phokosolo linkachokera kuseri kwa shelefu yomaliza. Kumeneko kulibe khomo, kulibe zenera. Ndi khoma basi.

Ndinatchera khutu. Phazi likupalasa. Lamba akugunda pomwe anaduka n'kulumikizidwa ndi waya. Makina amenewo ndinkawadziwa, ndinakhala nawo pafupi miyezi yambiri. Kenako fungo la oilo wa makina linandipeza pampando pomwepo.

Ndinafuna kupemphera, koma pemphero lomwe linabwera m'mutu linali lodalitsa chakudya.

Makina anasiya. Kunamveka chifuwa, chouma chija.

"Aphunzitsi."

Ndinakumbatira katoni.

"Mukulongedza?"

"Eee," ndinatero, mawu akutulukira m'mphuno.

Pa shelefupo panali mpata pomwe wina anachotsa buku. Pampatapo ndinaona nsonga ya duku ikugwedezeka pang'ono. Nkhope ayi. Sindinafune n'komwe kuiona.

"Ine ndinakuuzani zomwe ndinatha kunena. Zina zinandiima pakhosi. Pitani kwa uja."

"Munandiletsa, agogo."

"Ndinkakuletsani ndili ndi anthu owachitira manyazi."

Ndinadikira mawu ena. Sanabwere. Makina anayambanso, koma tsopano motalikira, ngati wina akutsika nawo masitepe. Kenako zii. Fungo lokha ndi lomwe linatsala.

Sindinazimitse magetsi. Sindinapite kukasuzumira kuseri kuja, ndipo amene angandinene mantha ayambe wapitako yekha. Ndinakhala pampandopo mpaka mazenera anayera.

Mlonda potsegula m'mawa anandipeza nditakumbatira katoni. Anandiyang'ana, anayang'ana kushelefu kuja, n'kupukusa mutu.

"Inu a mbiri yakale mumaputa zambiri," anatero motsitsa mawu. "Mumakadzutsa anthu ndi mafunso, kenako akutsatani kuno. A masamu satiyambitsira zimenezi."

Katoni ndinaisiya patebulo. Ndinasamba kumaso pampopi wa panja, n'kukwera minibasi yoyamba. Njira yonse ndinkaganiza mawu oyambira. Munthu amene mwakhala mukumulambalala miyezi yonseyi, mukafika pakhomo pake mumati chiyani?

Sindinavutike nazo. A Mabatani ndinawapeza atakhala panja, atavala za kutchalitchi, pambali pawo pali mpando wina wopanda munthu. Anali gogo wamng'ono thupi, wa zala zopindika.

"Ndinu a ku yunivesite aja? Mwachedwa. Ine usiku wonse osagona, makina akulira pazenera panga. Zaka zonsezi munthu kumandidutsa pamsika ngati chitsa, lero wafa ndiye wadziwa pakhomo panga. Khalani. Yatsani kanthu kanuko."

Ndinayatsa foni.

"Zitamveka kuti atsogoleri akufuna kuwamanga, Singano anabwera kwathu ndi ana ake. Anati, 'Iwe bwerera ku ntchito. Tikamangidwa tonse, awa adyetsedwa ndi ndani?' Ndinabwerera. Anawo anadya, kusukulu anapita. Wamkuluyo alipo mpaka pano, ali ndi imvi, akukumbukira zonse. Tikamaliza ndikulozerani kwawo."

Anasalaza diresi pamaondo.

"Tsiku lomwe Singano ankatuluka kundende, anthu anamunyamula m'mapewa. Ine anandilavulira, iye akuona. Anangoyang'ana pansi. Ndinati anena mawa. Ndinati anena chaka chamawa. Ndadikira mpaka mano atha m'kamwa."

Ndinamva chisoni chachikulu, cha onse awiri. Koma ndisaname, pansi pa chisonicho mtima unkavina. Ndinabwera kudzafuna mboni imodzi, ndipo ndinali nditapeza ziwiri, zamoyo, zoti a Pulofesa akhoza kuzipatsa moni.

A Mabatani anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuloza foni.

"Zonsezi mulembe, musamubisire. Koma mulembenso kuti pafakitale yonse ija panalibe wosoka kolala ngati iye. Ikujambula imeneyo?"

"Ikujambula, agogo."

"Chabwino. Sunthirani pafupi. Tiyambire tsiku lomwe tinakumana pageti, tili atsikana."