Fomu ya Veronica

Minibasi yochokera ku Zomba inafika pa Kachulu itafiira ndi fumbi. Veronica anali pasiteji akumanga madengu ake a matemba pamene mnyamata wina wamtali, wobereka chikwama chakuda, anatsika n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku.

"Zikomo chemwali, kusekondale n'kuti?"

"Mwabwera kudzaphunzitsa?"

"Ayi, ndabwera kudzacheza ndi ana amene akhoza Fomu 4 pamodzi ndi makolo awo. Dzina langa ndine Dunstan."

"Ndiye ndinu mwandilepheretsa ulendo wa ku Songani lero," Veronica anatero akuseka. "Dikirani ndisiyire anzanga nsombazi, tipitire limodzi. Mng'ono wanga Rachel ali m'gulu lomwelo."

M'njira Dunstan anafotokoza za ntchito yake. Anali atangomaliza kuyunivesite, ndipo iye ndi anzake ankayenda m'midzi Loweruka lililonse kuthandiza ana kusankha maphunziro ndi kulemba mafomu. Kwawo kunali kwa Kuntumanji, ndipo mwiniwakeyo anatsala pang'ono kuphonya mwayi chifukwa panalibe womuuza kuti mafomu ali ndi tsiku lotsekera.

M'kalasi munadzaza makolo, ena atakhala pamawindo. Dunstan sanalankhule Chingerezi ngakhale pang'ono.

"Mapointi abwino paokha sakwanira," anatero. "Mwana aone phunziro limene anakhoza bwino, asankhe kosi yogwirizana nalo. Musamukakamize udokotala chifukwa choti mwana wa aneba ndi dokotala. Ndipo musamusiye yekha ndi fomu. Khalani naye, mumve zimene mtima wake ukufuna."

Veronica ankangomuyang'ana. Kodi munthu angalankhule zinthu zazikulu chonchi mofewa, mpaka asodzi osadziwa kulemba n'kumagwedeza mitu? Anali asanaonepo zotere.

Amayi ake a Veronica, mayi Malita, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ine wanga ndi wamkazi. Ndimutumize m'tauni yekha? Nanga akakandibweretsera mimba m'malo mwa digiri?"

"Mantha anuwo ndi a kholo lililonse, amayi. Sindikutsutsani. Koma tiyeni Loweruka likubwerali mukadzionere nokha kumene ana amagona, kumene amadya ndi kumene amaphunzirira. Mukaweruze mutaona."

Msonkhano utatha, Rachel anabweretsa satifiketi yake ya mapointi 12. Dunstan akumuyamikira, mtsikanayo analoza mkulu wake.

"Achemwali angawa anakhoza ndi 15 chaka chatha. Satifiketi yawo ili m'sutikesi."

"Khala chete iwe," Veronica anamudzudzula.

"N'zoona zimenezi?" Dunstan anafunsa.

Veronica anayang'ana pansi. Bambo awo anamwalira mwezi umene zotsatira zinatuluka, ndipo wina anayenera kutenga madengu kuti pakhomo padyedwe. Za sukulu sanazitchulenso.

"Chitseko sichinatsekeke, chemwali. Satifiketi imeneyo ikadali ndi moyo, amailandira mpaka zaka zitatu. Loweruka mubwere nawo, ndipo munditungire madzi a m'nyanjamu m'kabotolo."

Loweruka linafika. Atafika kuyunivesite ku Zomba, mayi Malita anayenda m'nyumba zogona atsikana, nagwira maloko a zitseko, nafunsa mlonda mafunso ambirimbiri mpaka mtima wawo unakhala pansi. Koma amene anazizwa kwambiri anali Veronica. Mu laibulale anaima pakhomo osasuntha. Mabuku kuyambira pansi mpaka kudenga, chipinda ndi chipinda, ndipo anthu mazana ali phee ngati m'tchalitchi.

"Onsewa anawerengedwa ndi anthu?" ananong'oneza.

"Analembedwanso ndi anthu. Anthu ngati inu nomwe," Dunstan anayankha.

Kenako Dunstan anawatengera ku labotale, kumene mnzake wina anadontheza dontho limodzi la madzi a m'kabotolo aja pagalasi n'kuliika pansi pa makina okulitsa zinthu. Veronica anaika diso. Anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, kenako anayang'ananso.

M'donthomo munali moyo. Tizilombo toonekera mkati ngati galasi tinkasambira, tina tikupalasa ndi timiyendo, tina tikuzungulira ngati tikuvina. Kamodzi kanali ndi kamtima kogunda, kooneka bwinobwino.

"Zimenezi ndi zimene matemba anu amadya," anatero mnzake wa Dunstan. "Nyanja ikauma, mazira a tizilomboti amagona m'matope zaka. Madzi akabwerera timadzuka, nsomba nazo n'kuchulukanso."

Veronica anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, anasamba madzi amenewo, anawaona akuthawa n'kubweranso. Koma zonsezi anali kuzidziwa? Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Pali sukulu yophunzitsa zimenezi?"

"Ilipo," Dunstan anayankha. "Kosi ya za nsomba, ku Mzuzu."

Veronica atafika kunyumba, pafoni yake panalowa uthenga wochokera kwa Dunstan.

"Lero ndaona anthu ambiri akudabwa, koma nkhope yanu yokha ndiyo yakana kuchoka m'maso mwanga."

Veronica anauwerenga kanayi asanayankhe. "Musandinamize, ine ndi wonunkha matemba."

"Ndiye kuyambira lero matemba ndi ndiwo yanga ya tsiku lililonse."

Masabata anadutsa, ndipo "inu" anasanduka "iwe". Dunstan akamaliza misonkhano ankapita kudoko, awiriwo n'kukhala pabwato lovundikira akuyang'ana chilumba cha Chisi. Ankamutcha "Vero wanga", nthawi zina "dokotala wa nsomba".

"Vero wanga, ine ndayenda midzi yambiri, koma mtima wanga wamanga msasa pa Kachulu."

"Pakamwa pako m'pokoma, Dunstan. Atsikana a ku Zomba unawauza zomwezi?"

"Ndikulumbira, duwa langa. Ndiwe woyamba ndipo udzakhala womaliza. Kulikonse ungapite, ine ndidzakudikira."

Veronica anakhulupirira. Akanakayika bwanji munthu amene anamutsegula maso?

Tsiku lolemba mafomu, Dunstan anabwera ndi laputopu yake n'kukhala pakhonde. Anayamba ndi Rachel, amene anasankha unamwino. Atangotumiza, foni ya Rachel inalandira uthenga wotsimikiza. Kenako inafika nthawi ya Veronica. Analemba yekha, ndipo pamwamba penipeni anaika kosi ya za nsomba ya ku Mzuzu.

Dunstan anayang'ana mzere umenewo nthawi yaitali.

"Zaka zinayi, Vero. Ndipo Mzuzu ndi kutali."

"Si paja unati udzandidikira?"

"Inde, ndinatero." Anadina apa ndi apo, kenako anatseka laputopu. "Netiweki yathawa. Ndikatumiza ndikafika ku Zomba."

Mawa lake uthenga unabwera: "Fomu yapita, mtima wanga. Chitsimikizo chabwera pafoni yanga. Usadere nkhawa."

Miyezi ingapo itadutsa, mayina anatuluka. Rachel anasankhidwa. Mayi Malita analulutira mpaka mawu anasasa, anthu a kudoko nabwera kudzagwira mtsikanayo chanza. Veronica anavina nawo, koma atapeza mpata anazemba n'kuwerenganso mndandanda pafoni, dzina ndi dzina. Lake munalibe.

"Mwina mutu wanga unadzala mamba," anauza Dunstan akulira.

"Usatero, wokondedwa. Mpikisano unali waukulu. Mulungu watseka uku kuti atsegule kwina. Ndilole nditumize amalume kwanu, tichite chinkhoswe. Ndidzakusamala, sudzasowa kanthu."

Veronica anavomera. Anadziuza kuti mwina mwayi wake unali banja, osati sukulu.

Patatsala sabata ziwiri kuti chinkhoswe chichitike, anaperekeza Rachel ku Zomba kukasindikiza makalata a kukoleji. Analowa m'kashopu ka intaneti ka mtsikana wina dzina lake Amina. Ntchito itatha, Rachel sanafune kunyamuka.

"Achemwali, tiyeni tione fomu yanu. Ena a mapointi 18 atengedwa kosi yomweyo. Mwina munalakwitsa penapake, tidziwe."

"Zisiye, Rachel. Zinatha."

"Kungoona basi."

Veronica anatchula dzina ndi nambala zake zachinsinsi. Amina anatsegula, nawerenga, kenako anatembenuka.

"Asisi, fomu yanu ndi yolembedwa bwino, palibe cholakwika. Koma sinatumizidwe."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Onani apa. Inangosungidwa. Batani lotumizira silinadinidwe. Osankhawo dzina lanu sanalione n'komwe."

"Koma chitsimikizo chinabwera."

"Chinabwera pafoni yanu?"

Veronica anaimirira. Anatuluka, naimbira Dunstan, namuuza kuti abwere msanga pafupi ndi msika.

Dunstan anafika akumwetulira, koma ataona nkhope ya Veronica anaima patali.

"Ndionetse uthenga wotsimikiza uja."

"Vero, foni ija ndinafufuta zambiri…"

"Dunstan, ndiyang'ane. Unatumiza fomu yanga?"

Mnyamatayo anayang'ana kumbali. Anthu ankadutsa ndi mitolo yawo, njinga zikuliza mabelu. Pomaliza anapukusa mutu.

"Netiweki inalipo tsiku lija," anatero motsitsa mawu. "Nditafika ku Zomba ndinatsegula katatu, chala chili pabatani. Ndinalephera. Ndinakhala kuyunivesite ine, Vero, ndikudziwa zimene zimachitika. Ukanakumana ndi anthu ena, oposa ine. Ukanabwera uli munthu wina. Ndinaopa kukutaya."

"Ndiye unandisiya ndilire, ndizidziyesa mbuli, iwe ukundipukuta misozi?"

"Ndinachita chifukwa cha chikondi."

"Iwe amene unauza amayi anga kuti asamange mwana chifukwa cha mantha? Loweruka lililonse umaima pamaso pa makolo kuwauza kuti amasule ana awo. Ine ndekha n'kunditsekera m'khola ngati nkhuku?"

Dunstan anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona.

"Ndikhululukire, duwa langa. Chaka chamawa ndidzatumiza ndi manja anga, iwe ukuona. Tingochita chinkhoswe chathu."

"Dzuka, usadzichititse manyazi. Ndinakukonda, Dunstan. Mpaka pano mtima wanga ukukana kuti ndiwe wachita zimenezi. Koma amalume ako uwauze asavutike kubwera."

Veronica analira njira yonse ya ku Kachulu, mutu uli paphewa la mng'ono wake. Mayi Malita atamva nkhaniyo anati, "Madengu ndisenza ndine masiku amene ukufuna kuwerenga. Satifiketi ija yatsala ndi chaka chimodzi, eti? Usaitayenso."

Mauthenga a Dunstan ankabwera tsiku ndi tsiku. "Vero wanga, sindikudya." "Ndiyankhe ngakhale liwu limodzi." Ena ankamupweteka kwambiri moti ankazimitsa foni tsiku lonse. Kangapo konse analemba yankho, n'kulifufuta.

Mafomu atatsegulidwanso, Veronica anapita yekha kwa Amina. Analemba zonse monga poyamba, nadina batani ndi chala chake, ndipo sanachoke pampando mpaka foni yake italira.

Ulendo uno dzina lake linatuluka.

Basi ya ku Mzuzu inayenda tsiku lonse. Veronica anali asanapitirirepo Liwonde, choncho sanagone ngakhale pang'ono. Anaona mapiri a Dedza atasanjikana miyala, nyumba zazitali za Lilongwe, minda ya fodya yosaoneka malire. Dzuwa litapendeka basi inayamba kukwera, mphepo yozizira n'kulowa pawindo. Mitengo ya paini inaima m'mizere mbali zonse, ndipo mitambo inali pansi, m'zigwa, basi ikudutsa pamwamba pake. Kodi dziko lonseli linalipo nthawi yonse ija iye akuyanika matemba?

Foni inanjenjemera m'manja mwake.

"Ndamva kuti wanyamuka lero. Ndakunyadira, Vero. Ndinalakwa. Ndingakuimbire ukafika?"

Anauyang'ana uthengawo mpaka zilembo zinasokonekera ndi misozi. Kenako analemba pang'onopang'ono.

"Ndinakukhululukira. Pitiriza kuthandiza ana a kwathu, ntchito imeneyo umaitha. Koma ine usandiimbire."

Anatumiza, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mayi wina wachikulire amene anakhala naye pampando anamuyang'ana mwachifundo.

"Mwanawe, ukupita kumaliro?"

"Ayi amayi," Veronica anayankha. "Ndikupita kusukulu."