Kadontho ka Pamphumi pa Tuni

Aka kanali kachitatu Shiuli akukanidwa, ndipo ulendo uno mayi Rokeya sanadzutse n'komwe mutu. Ankangopitiriza kuphika pitha, timikate tawo ta mpunga, pa kambaula kawo pafupi ndi chipata cha sukulu, nthunzi ili tolotolo kumaso kwawo.

"Ndati ayi, mwana wanga. Kajambule mbuzi, kajambule mtsinje, kaya aphunzitsi ako. Tuni wanga musiye."

Shiuli anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo omudziwa m'tauni ya Manikganj ankati mtsikana ameneyu akagwira chinthu sataya. Bambo ake, a Mofizul, anali ndi kasitolo kojambuliramo zithunzi kumsika, momwe tsiku ndi tsiku ankajambula nkhope zouma za anthu ofuna ziphaso. Zimenezo Shiuli zinkamutopetsa. Iye ankafuna chithunzi choti munthu akachiona ayambe waima kaye. Tsono chaka chimenecho kunalengezedwa mpikisano wa sukulu zonse za m'boma lawo. Wophunzira aliyense wofuna anayenera kujambula mwana atavala moyerekezera munthu kapena chinthu china, monga ana amachitira pa tsiku la zisangalalo pasukulu lotchedwa "vala momwe ukufunira", ndipo wopambana akapita ku Dhaka, likulu la dzikolo, kukaphunzira kujambula tchuthi chonse. Shiuli atamva zimenezi, mtima wake wonse unasamukira ku Dhaka thupi lili kwawo.

Ana oti awajambule sanali osowa. Amayi ambiri akanathamanga okha kubweretsa awo atawapaka ufa mpaka m'makutu. Koma Shiuli ankafuna Tuni basi, kamtsikana ka zaka zisanu ka maso akuluakulu, kosadziwa kukhala pansi, komwe kankazungulira mbaula ya amayi ake tsiku lonse. Chakumanzere kwa mphumi yake Tuni ankakhala ndi kadontho kakuda ka kajol, mwaye uja wa nyali wosakaniza ndi mafuta, kakakulu ngati kandalama kachitsulo. Makanda onse amaikidwa kadontho kotere kuti diso loipa lisawagwere, koma mwana akayamba kuthamanga amayi ake amaleka. Mayi Rokeya sanaleke. Iwo anaika m'manda ana awiri Tuni asanabadwe, ndipo onse awiriwo anthu ankawatama kukongola. Kuyambira pamenepo mawu oti "mwana wokongola" ankawabaya ngati munga. Nanga tsono chithunzi choti chikapachikidwe pakhoma, maso mazanamazana n'kumachiyang'ana?

Shiuli anazimva zonsezi, koma sanagwe mphwayi. Analeka kupempha, n'kuyamba kulawirira pachipata m'mawa uliwonse. Ankakupiza moto, kupala kokonati, kutsuka tizibakuli, kenako belu likalira n'kuthamangira m'kalasi manja akununkha utsi. Madzulo ankakhala pakhonde kwawo akupinda tinsungwi ndi kusoka neti yakale ya udzudzu, mpaka anapanga mapiko awiri a gulugufe, n'kuwapaka utoto wobiriwira ndi wofiirira. Mapikowo sanawaonetse kwa mayi Rokeya. Anawaonetsa kwa Tuni, ndipo apa tinene zoona, Shiuli anachenjera. Kuyambira tsiku limenelo mayi Rokeya sanapumenso, poti kamwanako kankadzuka ndi gulugufe, kudya ndi gulugufe, kugona ndi gulugufe.

Patatha milungu itatu, mayiwo anaika chikombe pansi n'kumuyang'ana Shiuli m'maso.

"Wandigonjetsa, nkhutukumve iwe. Mujambule. Koma kadonthoka kakhale pomwe kali. Wamva?"

"Ndamva, Khala," anatero Shiuli, powaitana monga amaitanira azakhali. "Kakhala pomwepo. Ndalonjeza."

Lachisanu m'mamawa anapita kumunda wa mpiru kuseri kwa tauni. Inali nyengo yozizira, mpiru utachita maluwa achikasu mpaka kumene maso alekezera, nkhungu ikungoyamba kukwera. Bambo ake anamubwereka kamera yaikulu ija yomwe sankalola munthu kuikhudza, n'kumuuza mawu amodzi okha, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Shiuli anawamvetsa bwino mawuwo atangomumangirira Tuni mapiko. Akati ima apa, Tuni wathawira uko. Akati seka, Tuni watulutsa lilime. Phiko limodzi linakodwa m'mpiru n'kung'ambika, Shiuli n'kulisoka pomwepo ndi ulusi womwe anatenga m'thumba. Anagona chafufumimba m'mame mpaka zovala zonse zinanyowa, mano akugundana ndi kuzizira, ndipo zithunzi makumi asanu ndi limodzi zinapita popanda chabwino n'chimodzi chomwe.

Kenaka anasiya kulamula. Anangokhala duu, kamera ili padiso. Tuni ataona kuti palibenso womuthamangitsa, anayamba kusewera yekha, ndipo gulugufe weniweni anatera pa duwa pafupi naye. Kamwanako kanaima chilili, mapiko ake ali tambalale, dzuwa likuwala kudutsa mu neti ija, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti kamuuze Shiuli monong'ona, kakumutchula kuti Apu, ndiko kuti achemwali.

"Apu, taonani m'bale wanga."

Chala cha Shiuli chinadina chokha. Asanayang'ane n'komwe anadziwa kuti wachipeza.

Vuto linayamba masana ake, kusitolo kuja. Bambo ake anali atapita kumzikiti, ndipo Shiuli anatsegula chithunzicho pa kompyuta ali ndi mnzake wa m'kalasi, Papiya, mtsikana wabwino mtima koma wa pakamwa posatseka. Papiya anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvomera kuti chithunzi chotere sanachionepo. Kenako anapendeketsa mutu.

"Koma ntchentcheyo bwanji sunaiingitse?"

"Si ntchentche, ukudziwa bwino."

"Ine ndikudziwa. Nanga oweruza ochokera ku Dhaka? Adzati kamera yako inali ndi litsiro, apo ayi adzati ndiwe wa kumudzi. Anzako akusalaza nkhope mpaka kuchita ngati mbale, iwe ukukapachika ntchentche."

Papiya atapita, mawu akewo anatsala. Shiuli akati ayang'ane mapiko, diso linkathawira pa kadontho. Akati ayang'ane maluwa, pa kadontho pomwepo. Kufufuta ankakudziwa, poti ankaona bambo ake akuchotsa ziphuphu pa nkhope za akwatibwi. Anayamba kudzinyengerera yekha. Kodi si pa pepala chabe? Pamphumi pa Tuni kadonthoko kalipobe. Komanso Khala satseka malonda awo ngakhale tsiku limodzi, ndiye kuchionetsero cha zithunzizo akafikako bwanji? Anadina kawiri, mphumi ya Tuni n'kukhala see. Mtima unamutsutsa pang'ono, koma anauuza kuti ukhale chete.

Tsiku la chionetsero holo ya sukulu inadzaza. Zithunzi zinapachikidwa mizeremizere, ana ovala ngati asodzi, akwatibwi, madokotala ndi nkhalamba za ndevu za thonje. Aphunzitsi analengeza kuti oweruza alowa nthawi ya 2 koloko, ndipo malo omwe apezeke opanda chithunzi, mwini wake watuluka mumpikisano. Pa chithunzi cha Shiuli anthu anaunjikana ngati njuchi. Aliyense ankanena chimodzimodzi, kuti kamwana aka n'kokongola bwanji, taonani maso akewo, taonani mphumiyo. Shiuli anaima pambali akumva kukoma, ndipo m'maganizo mwake anali atakwera kale basi ya ku Dhaka.

Apo ndi pomwe anawaona mayi Rokeya pakhomo. Anali atavala sari, nsalu yawo yaitali ya pa chikondwerero, Tuni ali kudzanja. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, mbaula yawo sinayake tsiku limenelo. Anthu anawapatsa njira akuseka mosangalala, ena akuloza Tuni kuti gulugufe uja ndi uyu. Mayiwo anafika patsogolo akumwetulira mwamanyazi, n'kukweza maso.

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana mphumi ya pachithunzi, n'kuyang'ana khamu lonse lomwe linali kutama mwana wawo. Mwamsanga anakoka nsonga ya sari n'kuphimba nkhope ya Tuni. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Unalonjeza," anatero motsitsa mawu. "Wamuika mwana wanga pamaso pa anthu onsewa ali wosatetezedwa."

"Khala, ndi pa pepala chabe..."

"Amene akumuyang'anawa akuti ndi pepala?"

Ananyamula Tuni ngati khanda n'kutuluka mofulumira, kamwanako kakulira kuti sikanadzione bwino.

Manyazi anamugwira Shiuli mpaka m'mapazi. Iye sankakhulupirira kwenikweni kuti maso a munthu angadwalitse mwana, koma mantha omwe anaona pa nkhope ya mayi uja anali enieni, ndipo anawabweretsa ndi iyeyo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi.

Papiya, yemwe tsopano nayenso mutu unali utamuima, anamupatsira cholembera chakuda kuti angodonthezapo msanga, nkhani ithe. Shiuli anachiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Cholembera si dzanja la amayi ake. Ndanama kamodzi, ndisanamenso kachiwiri."

Anakwera pampando n'kuyamba kuchotsa chithunzicho. Aphunzitsi awo anathamangira pomwepo kumuchenjeza kuti oweruza ali kale panja, akachotsa ndiye kuti zake zathera pomwepo, Dhaka aiiwale. Shiuli anayankha mwaulemu kuti wamva, koma manja ake sanaleke. Anachikulunga, nkhope ya Tuni ili mkati, n'kutuluka akuthamanga.

Kumsika n'kutali ndithu, ndipo tsiku limenelo njinga zonyamula anthu zinali zitapanikizana pamlatho. Shiuli anatsika pa njinga yomwe anakwera n'kumaliza ulendowo wapansi. Anafika kusitolo ali wefuwefu, n'kuwauza bambo ake zonse osabisa kanthu. A Mofizul sanamudzudzule. Anangotsegula chithunzi choyamba chija, chosakhudzidwa, n'kuika pepala labwino koposa m'makina. Pamene chinkatuluka anati iwo pa zaka makumi awiri afufuta ziphuphu zambirimbiri, koma asanafufute amayamba afunsa mwini nkhope.

Pobwerera kusukulu anapeza anthu akuomba m'manja. Oweruza anali atamaliza, ndipo wopita ku Dhaka anali mtsikana wa sukulu ina, yemwe anajambula mlongo wake atavala ngati msodzi. Pakhoma, pakati pa zithunzi zonse, panali malo amodzi opanda kanthu. Shiuli anapita kuseri kwa holo n'kulira mpaka maso kutupa. Zinamuwawa kwambiri, poti ankadziwa kuti chake chikanapambana, ndipo panalibe wina womuloza chala.

M'mawa mwake pachipata panalibe mbaula. Ataweruka, Shiuli anafunsa njira n'kukafika kunyumba ya malata kumene mayi Rokeya ankakhala. Anawapeza pakhonde akupeta mpunga, Tuni akusewera pambali pawo ali bwinobwino, kadontho ka tsiku limenelo kali kakakulu kuposa masiku onse. Mayiwo sanamulonjere. Shiuli anagwada, n'kutulutsa zithunzi ziwiri. Chofufutidwa chija anachipereka chili chokulungabe, nati achite nacho chomwe akufuna. Chinacho anachitambasula pa mphasa.

"Ndinalakwa, Khala. Munandikhulupirira, ine ndinaopa kusekedwa. Ichi ndiye chenicheni. Sichipachikidwa paliponse, ndi chanu."

Mayi Rokeya anaika lichero pansi. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mapiko a neti, maluwa achikasu, maso aja, ndi kadontho kali pamalo pake. Anakakhudza ndi chala mopepuka.

"Uyu ndiye mwana wanga," anatero. "Ndamva kuti unachotsa wekha oweruza asanalowe. Ndiye ku Dhaka kuja?"

"Kwapita wina, Khala."

"Chaka chamawa kulibe mpikisano?"

"Uliko."

Mayiwo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali ndi kachitini kakang'ono kakuda m'manja. Anaviika chala chaching'ono mu kajol, anagwira chibwano cha Shiuli n'kumutembenuza nkhope, ndipo anamuika kadontho chakumanzere kwa mphumi, monga ankachitira ndi Tuni m'mawa uliwonse.

"Chaka chamawa anthu adzakutama kwambiri, mwana wanga. Asakupeze uli chonchi."

Tuni anaseka mpaka kugwa chagada poona Apu wamkulu chotere ali ndi kadontho ka makanda.

Njira yobwerera kwawo inkadutsa pakati pa msika. Ogulitsa nsomba anamuloza, amayi ena anabisa kuseka m'sari zawo, ndipo pakhomo pa sitolo ya bambo ake anapeza Papiya akumudikira. Papiya anatsegula pakamwa, anatseka, koma chibadwa chake chinamukanika.

"Shiuli, pamphumi pako pali ntchentche."

"Ndikudziwa," anatero Shiuli akulowa kukapukuta kamera. "Isiye ikhale."