Fumbi Limene Bertha Anakana

Mapemphero a amayi amasiye anatha mochedwa, chifukwa mlaliki wa tsikulo anali wa mtundu uja woti akati "pomaliza" ndiye kuti wangoyamba kumene. Akabaza anali ataweruka kale. Bertha anamangitsa chitenje n'kuuyamba wapansi kulowera kwa Kaduya.

M'mawa mwake kunkamudikira nkhani. Chimwalirireni mwamuna wake Jairos, alamu ake a Stafford, bambo ovala jekete ngakhale popita kudimba, anali atalamula kuti asase fumbi: agone ndi mwamuna amene akuchimuna asankhe, apo ayi imfa itsalira m'nyumba n'kuyamba kutola ana. Bertha anawayankha kuti Yesu anamutsuka kale. Mawuwo masana ankamveka bwino zedi. Koma tsopano unali usiku, ana anali atatu, ndipo njira inkadutsa pamanda.

Anayambitsa nyimbo yakutchalitchi. Mawu anatuluka opyapyala.

Kumbuyo wina anailandira...

Anaima. Nyimbo nayo inaima. Atayambanso kuyenda anamva phazi lokwakwaza. Khwee... khwee...

"M'dzina la Yesu!"

"Ameni," anayankha mawu pambali pake. "Koma mwaitengera pamwamba nyimboyi, mwananga. Simufika nayo kumudzi."

Anali mayi wokalamba wa duku loyera, wokoka mwendo. Mwezi unkawala. Pansi panali chithunzithunzi chimodzi chokha... cha Bertha!

"Akuti musase fumbi?" anafunsa mayiyo. "Nanenso anandiuza zomwezo. Ndinapiringidza chitseko, n'kuyimba mpaka tambala. Mwamunayo anatopa ndi udzudzu pakhonde. Ana anga onse anakula, wina mpaka ali ndi dazi."

Bertha anafuna kuthawa. Koma dzanja la mayiyo linamugwira pamkono, lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Yambaninso. Pansipansi."

Anayimba awiri mpaka mitengo yakumanda inatha.

"Ine ndithera pano. Mukawauze kuti mayi Makina akupereka moni."

Bertha atacheuka, njira inali mbee!

Kutacha a Stafford anafika ndi azakhali awo, nakhala pampando umene sanapatsidwe. Bertha sanadikire kuti atsokomole.

"Alamu, sindisasa. Ndiponso mayi Makina akupereka moni. Ndayenda nawo usiku."

Azakhali aja anagwira pakamwa.

"Okoka mwendo aja? Amene anakana fumbi? Mwana iwe, amenewo tinawaika kalekale, iwe usanakwatiwe n'komwe!"

A Stafford anadzuka pang'onopang'ono, akumanga mabatani a jekete mophonya. "Mwamva? Anakana mwambo, ndiye ali kuti lero?"

Bertha anatembenukira kwa azakhali aja.

"Azakhali, chinawapha n'chiyani?"

Azakhali anayang'ana a Stafford, kenako pansi.

"Ukalamba. Mano onse anali atatha."

"Chabwino," anatero Bertha. "Nane ndidikira womwewo."